Mmene ife a lendi tingasamalire nyumba zakale za ku Fietas ndi Fordsburg

Ambiri a ife Amalawi tikafika ku Joni timafikira kumadzulo kwa tawuni ya Johannesburg: Fordsburg, Mayfair, ndiponso Pageview ndi Vrededorp, madera awiri otchedwanso Fietas. Chifukwa chake n'chodziwika. Kuli mizikiti ndi matchalitchi, kuli masitolo olemba anthu ntchito, ndiponso kuli mbale amene anabwera kale, woti angakupatse pogoneka mutu. Nyumba zambiri zimene timagonamo kumeneko zinamangidwa agogo athu asanabadwe. Eni ake ambiri sakhalamo, amangobwera kumapeto kwa mwezi. Choncho denga likayamba kudontha, woyamba kumva dontho ndi ife. Khoma likayamba kufufuma, ndife timasuntha bedi.

Ine ntchito yanga ndi yopenta ndi kukonza nyumba m'madera omwewa. Ndakwera madenga ake, ndakwawa pansi pa matabwa ake, ndipo chimene ndaona n'chakuti nyumbazi sizikugwa chifukwa cha ukalamba. Zikugwa chifukwa cha madzi, moto, ndi anthu okonza mopupuluma osadziwa chimene agwira m'manja. Zonsezi munthu wa lendi angathe kuchitapo kanthu, ngakhale alibe ndalama zambiri.

Koma musanagwire chitsulo chilichonse, yendani kaye

Munthu susamala chinthu chimene sukuchidziwa. Sankhani Lamlungu m'mawa, itanani anzanu awiri kapena atatu, foni ikhale m'thumba mpaka pamene mukuifunadi, ndipo yambirani pa Fordsburg Square, pafupi ndi Mint Road. Golide anapezeka kuno mu 1886, ndipo Fordsburg ndi amodzi mwa madera oyambirira amene anakhazikitsidwa zaka zochepa pambuyo pake, okhalamo ambiri ali azungu ogwira ntchito m'migodi. Pabwalo lomwe lero timagulapo zakudya ndi zovala panali nkhondo yeniyeni. Mu 1922 azungu a m'migodi ananyanyala ntchito, pokana kuti eni migodi apereke ntchito zawo kwa anthu akuda olipidwa pang'ono. Kunyanyalako kunasanduka kuukira boma, ndipo nduna yaikulu ya nthawiyo, Jan Smuts, anatumiza asilikali. Pa 14 Malichi chaka chimenecho mizinga inawomba Fordsburg, poti atsogoleri a oukirawo anali atakhazikika pabwalopa.

Mukachoka apo, dutsani ku Oriental Plaza. Abale athu ambiri amanyamula katundu, kusoka ndi kugulitsa nsalu mmenemo, koma ndi ochepa amene anauzidwa chimene malowa anamangidwira. Yankho lake lili tsidya la njanji. Lowerani kumpoto, mudutse pa msewu wapansi pa njanji umene makoma ake ali ndi zojambula, mutulukire ku De la Rey Street. Mwafika ku Fietas.

Fietas ndi dzina limene eni dera ankatchulira Pageview pamodzi ndi Vrededorp. Boma la Paul Kruger, pulezidenti wa Mabunu ku Transvaal, linapatula Vrededorp mu 1893 kuti mukhale Mabunu osauka, ndipo tsidya lina la De la Rey Street kunaikidwa malo otchedwa Malay Location. Mu 1904 mliri wa makoswe unabuka m'dera la Amwenye limene linali komwe kuli Newtown lero. Akuluakulu a mzinda anawotcha dera lonselo n'kusamutsira anthu ku Klipspruit, ndipo pambuyo pake Amwenye ambiri anadzakhazikika ku Malay Location. Dzina la Pageview linabwera mu 1943. Misewu yake inali yopanikizana, kuyambira 11th mpaka 24th Street, pakati pa Krause ndi De la Rey. Mmenemo munkakhala Amwenye, Amalay, Makaladi, anthu akuda ndi Matchaina, khomo kuyang'anana ndi khomo. Pa 14th Street panali masitolo otchuka moti anthu, azungu omwe, ankachokera kutali kudzagula nsalu ndi zovala n'kumanenerera mtengo. Wamalonda ankagulitsa pansi, banja lake likugona pamwamba kapena kuseri kwa sitolo.

Kenako kunabwera lamulo la Group Areas Act la 1950, logawa malo okhala potengera khungu. Mu 1956 anayamba kulengeza kuti Pageview ndi ya azungu okha. Kusamutsa anthu kunatenga zaka zambiri chifukwa ankakana. Amwenye anawapititsa ku Lenasia, mtunda wa makilomita pafupifupi 30, Makaladi ku madera ngati Eldorado Park, anthu akuda ku Soweto. M'zaka za m'ma 1970 amalonda a pa 14th Street anawatulutsa m'masitolo awo mokakamiza n'kuwalowetsa mu Oriental Plaza, ndipo nyumba zambiri zinagumulidwa. Wojambula zithunzi David Goldblatt anajambula Fietas m'nthawi imeneyo, masitolo asanagwe ndiponso akugwa. Lembani dzina lake pamodzi ndi Fietas pa intaneti, muone zithunzizo mutaima pamsewu womwewo.

Mukamayenda, yang'anani zinthu zitatu zosiyana zimene zaima malo amodzi. Pali nyumba zochepa zakale zimene zinapulumuka, zina zosanja, zokhala ndi khonde pamwamba pa sitolo, ndipo imodzi mwa izo pa 14th Street ndi imene anakhazikitsamo Fietas Museum. Pali tinyumba tofanana timene boma la tsankho linamangira azungu pamalo ogumulidwawo. Ndiye pali mapulotu opanda kanthu, omera udzu. Mizikiti, monga wa pa 23rd Street, ndi tchalitchi cha St Anthony's pa Krause Street, zinatsala chiimire pamene oyandikana nazo onse anachotsedwa.

Mapulotu opanda kanthuwo ndi amene ndikufuna tiwalemekeze. Si tchire ayi. Pindani msana muone bwino: mupeza mzere wa njerwa za maziko, kachidutswa ka matailosi, sitepe yosalowera kulikonse. Dziko litasintha mu 1994 panakhazikitsidwa lamulo lobwezera malo olandidwa, ndipo mabanja ambiri a ku Fietas anakalembetsa madandaulo awo. Musatayirepo zinyalala, musatolepo njerwa zokatsamiritsira mbaula. Malo amenewo ali ndi eni ake, ndipo ena akadali moyo.

Funsani akuluakulu, koma mwaulemu wake

Lachisanu masana mumabwera anthu achikulire ochokera kutali kudzapemphera m'mizikiti imene makolo awo anamanga. Amenewa ndiwo nkhokwe ya mbiri ya derali. Musawathamangire ndi foni m'manja. Perekani moni, nenani kuti ndinu wochokera ku Malawi ndipo mumakhala msewu wakutiwakuti, kenako funsani funso laling'ono, loti munthu angathe kuliyankha ataimirira: pakona apa panali sitolo yanji, ana ankasewerera kuti mpira, sukulu inali mbali iti. Funso lalikulu lakuti tiuzeni za tsankho limatseka pakamwa munthu. Laling'ono limatsegula.

Bambo wina wachikulire amene ndinamufunsa motere anandigwira dzanja n'kundilowetsa pa pulotu ya udzu. Anayenda masitepe angapo, n'kuima, n'kuloza pansi kuti apa ndi pomwe panali sitovu ya amayi ake. Anatembenuka n'kuloza pomwe panali zenera limene ankapatsirana chakudya ndi a nyumba yoyandikana. Ine ndinkaona udzu ndi mapepala ouluka, iye ankaona chipinda chilichonse.

Ngati avomera, jambulani mawu awo pafoni, ndipo muyambe ndi kutchula tsiku ndi msewu. Akakana, musaumirire. Mukafika kunyumba lembani zimene mwamva m'kabuku musanagone, chifukwa mawa zina zidzakhala zitauluka. Ndipo musaiwale akuluakulu athu omwe. Alipo matchona amene anabwera nthawi ya Wenela ndi Theba, ena asanasiye kulemba anthu ku Malawi pambuyo pa ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974. Mbiri ya mzinda uno ndi yawonso. Mukafuna kuona mmene ogwira ntchito obwera ankagonekedwera, pitani ku Workers' Museum ku Newtown, imene ili m'komboni yeniyeni yakale ya ogwira ntchito a khonsolo.

Dziwani msinkhu wa nyumba yanu ndi chimene lamulo likunena

Dziko lino lili ndi lamulo la National Heritage Resources Act, nambala 25 la 1999. Ndime 34 imanena kuti palibe wololedwa kugumula kapena kusintha chomangidwa chilichonse choposa zaka 60 popanda chilolezo cha bungwe loona za zinthu zakale m'chigawo. Kuno ku Gauteng bungwelo ndi Provincial Heritage Resources Authority Gauteng, limene anthu amalifupikitsa kuti PHRA-G. Sikuti nyumba iyenera kukhala yotchuka kapena yokhala ndi chikwangwani. Ikangokwana zaka zimenezo, lamulo laiphimba kale. Werengani chammbuyo zaka 60 kuchokera chaka chino, ndipo muona kuti nyumba zambiri za ku Fordsburg ndi Mayfair zili mkati.

Izi zikukhudza kwambiri ife amisiri. Munthu akakupatsani ganyu yogwetsa khonde, kuboola khoma lakutsogolo kuti pakhale shopu, kapena kuchotsa mawindo amatabwa, funsani kaye ngati pali chilolezo. Wopempha chilolezo ndi mwini nyumba, osati inu, koma wogwira nyundo ndinu, ndipo pakabwera oyendera amapeza inu pamalopo.

Msinkhu wa nyumba mungauyerekeze ndi maso. Siling'i ya malata osindikizidwa maluwa, matabwa aatali a pansi, mawindo okwezera m'mwamba, malo osonkhapo moto achitsulo, khonde lopakidwa polishi wofiira: zonsezi ndi zizindikiro za nyumba yakale ndithu. Nthawi zina chaka chimalembedwa pamwamba pa khoma lakutsogolo. Mukafuna zambiri, pezani nambala ya pulotu, imene imalembedwa pa bilu ya khonsolo, mupite nayo kwa a Johannesburg Heritage Foundation. Amenewa amasunga zolembedwa za nyumba zakale, amayendetsa anthu m'madera akale, ndipo ndi amodzi mwa oika zikwangwani zozungulira zabuluu zimene mumaziona pamakoma ena.

Madzi

Apa ndiye pagona nkhani. Mvula ya kuno imabwera ndi mphamvu kuyambira Okutobala mpaka Malichi, kawirikawiri masana, nthawi zina ndi matalala. Matalala akadzaza ngalande za m'mphepete mwa denga zimene muli kale masamba ndi fumbi, madzi amabwerera m'mbuyo n'kulowa pamwamba pa khoma. Ndiye Seputembala asanathe, bwerekani makwerero, wina akugwirireni pansi, muchotse zonse zimene zili m'ngalandezo. Thirani ndowa ya madzi muone ngati akutsika bwino m'paipi. Onaninso kumene paipiyo ikuthera. Ngati ikukhuthulira patsinde pa khoma, ikani chidutswa china kuti madzi azikagwera patali. Ntchito imeneyi ndi ya ola limodzi ndipo imapulumutsa khoma lonse.

Pa denga la malata, pondani pamzere wa misomali pokha, poti pansi pake ndi pomwe pali mtengo. Yang'anani misomali yozuka, dzimbiri pamene malata akumana, ndi mozungulira chumuni. Madontho ambiri amayambira pamenepo.

Tsopano khoma. Njerwa zakale n'zofewa, ndipo zinamangidwa ndi laimu, osati simenti yolimba ya masiku ano. Khoma lotere limakhala ngati mtsuko wadothi: limamwa chinyontho pang'ono n'kuchitulutsanso lokha. Mukalipaka pulasitala wa simenti yambiri, kapena penti yonyezimira yotseka ngati pulasitiki, chinyontho chimasowa potulukira. Chimakwera m'mwamba, penti imatuza matuza, pamatuluka tiufa toyera ta mchere, ndipo njerwa imafumbutuka mkati pamene kunja kukuoneka kosalala. Zimandipweteka mtima ndikapeza khoma limene laima zaka zonsezi likuwonongedwa ndi thumba limodzi la simenti.

Mukaona chinyontho m'munsi mwa khoma, musayambe ndi penti. Tulukani panja muone chimene chikuchititsa. Kawirikawiri ndi dothi kapena simenti ya pabwalo imene inakwezedwa mpaka kupitirira msinkhu wa pansi pa nyumba, kapena mpopi wodontha, kapena malo amene tonse timakhuthulirapo madzi ochapira. Konzani chimenecho, palani pulasitala wofufumayo, ndipo lisiyeni khoma liume kwa masabata angapo. Pomata, ine ndimasakaniza muyezo umodzi wa laimu ndi itatu ya mchenga, ndipo pamwamba ndimapaka njereza kapena penti yosatseka mpweya. Zimauma mochedwa, eni nyumba amadandaula, koma sizifufumanso.

M'munsi mwa khoma, kunja, muona njerwa zina zokhala ndi timabowo. Nthawi yozizira ambiri timazitseka ndi nsanza kapena makatoni kuti mphepo isalowe. Chonde zitseguleni. Pansi pa matabwa amene mumapondapo pali mpata, ndipo timabowo timeneto ndi timene timalowetsa mpweya woumitsa mitengo yonyamula matabwawo. Mukatseka, mitengo imaola mwakachetechete mpaka tsiku lina mwendo wa bedi udzabowola pansi. Pa chifukwa chomwecho musayale kapeti ya pulasitiki chipinda chonse pamwamba pa matabwa, ndipo pokolopa finyani nsanza kwambiri. Madzi ochapira ndi osambira ana azikhala panja kapena pa simenti.

Zimene simuyenera kuzula

Timakhala ambiri m'nyumba imodzi, ndipo kugawa chipinda sitingakupewe. Koma pali kagawidwe kosapha nyumba. Pangani felemu yamatabwa yoima payokha, yothina pakati pa makoma, ndipo isafike kusiling'i. Musakhomere misomali mu siling'i ya malata ija, chifukwa bowo lililonse ndi poyambira dzimbiri, ndipo kupeza chidutswa chofanana nacho lero n'kovuta ndiponso n'kodula. Ikachita dzimbiri, palani mofatsa ndi bulashi ya waya, pakani penti yoteteza ku dzimbiri, kenako penti ya mafuta. Penti ya madzi pa chitsulo chosapakidwa kanthu imabweretsa dzimbiri lina.

Chitseko chakale chikamavuta kutseka, kawirikawiri vuto ndi mahinjesi olefuka kapena penti yochuluka, ndiye palibe chifukwa chochitayira. Windo lamatabwa likaola pangodya, mmisiri amadula poolapo n'kulumikiza thabwa lina. Ndipo anthu ogula zitsulo akabwera kudzanenerera chitsulo cha pamoto, zogwirira zitseko zamkuwa kapena zokongoletsa za pakhonde, akanizeni. Si zanu, ndipo zikapita sizibwerera.

Mawu awiri okhudza thanzi lanu. Penti yakale yapansi kwambiri nthawi zambiri imakhala ndi mtovu, umene ndi poizoni makamaka kwa ana. Musaipale youma kapena kuiwotcha. Nyowetsani, valani chotchinga pamphuno, ana atuluke, ndipo fumbi lake mulipukute ndi nsanza yonyowa. Chachiwiri ndi asbestos, chomangira chimene fumbi lake limawononga mapapo. Dziko lino linamuletsa mu 2008 koma akadali pa madenga a zipinda zakuseri ndi m'masiling'i ena. Mukaona malata otuwa ooneka ngati simenti, musawadule, musawaboole, musawakwechese.

Moto

Tonse tikukumbukira usiku wa pa 31 Ogasiti 2023, pamene nyumba ya Usindiso pa 80 Albert Street ku Marshalltown inapsa n'kupha anthu 76, pakati pawo Amalawi anzathu. Nayonso inali nyumba ya mbiri, ofesi yakale kumene anthu akuda ankakatengera ziphaso zoyendera mumzinda nthawi ya tsankho. Mkati mwake munali mutagawidwa tizipinda ta matabwa, ndipo njira zina zothawira zinali zotsekeka.

Usiku uno, musanagone, imani pakhomo la chipinda chanu mudzifunse kuti utsi utadzaza pakhonde lamkati mungatulukire kuti. Ngati geti limakhomedwa ndi loko, aliyense wamkulu akhale ndi kiyi, kapena kiyi ikhale pamalo amene onse akuwadziwa ndipo angawapeze mumdima. Mawaya a nyumba zakale sanaikidwe kuti anyamule sitovu, ketulo, ayironi ndi hita m'chipinda chilichonse. Pulagi ikamatentha mukaigwira, kapena mukamva fungo la pulasitiki wopsa, zimitsani ndipo muuze mwini nyumba tsiku lomwelo. Magetsi akazima, kandulo muiike m'botolo lotakata kukamwa lokhala ndi mchenga pansi, kutali ndi makatani. M'Juni ndi Julayi mbaula isagone m'chipinda chotseka, chifukwa mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo osamva fungo lililonse. Malo osonkhapo moto akale musawayatse musanaonetsetse kuti chumuni sinatsekedwe pamwamba. Nambala ya ngozi pafoni yam'manja ndi 112, ndipo ana omwe aidziwe.

Kulankhula ndi mwini nyumba

Ambiri timaopa kudandaula poganiza kuti atithamangitsa kapena akweza lendi. Njira imene ndaiona ikugwira ntchito ndi iyi. Tsiku lolowa m'nyumba jambulani chipinda chilichonse: siling'i, pansi, mawindo, makoma. Vuto likabuka, tumizani chithunzi pa WhatsApp ndi mawu ochepa aulemu, kuti pakhale umboni wa tsiku. Musangonena kuti denga likudontha. Nenani pomwe likudontha, chimene chikufunika, ndi chimene chidzawonongeke akachedwa. Mwini nyumba amamva msanga mukamuonetsa kuti misomali ya lero ndi yotchipa kuposa siling'i ya chaka chamawa. Ngati muli ndi luso, dziperekeni kugwira ntchitoyo iye agule zipangizo, koma mugwirizane polemba ngati ndalama yake ichotsedwe pa lendi. Zikakanika, lamulo la Rental Housing Act la 1999 linakhazikitsa bwalo la Rental Housing Tribunal, limene limamva madandaulo a anthu a lendi ndi eni nyumba popanda kulipiritsa.

Tsiku lina mungadzuke n'kupeza nyumba yakale pamsewu wanu akuichotsa denga, makamaka Loweruka kapena patchuthi pamene maofesi atseka. Musakangane ndi ogumulawo, poti ambiri ndi aganyu ngati ife tomwe. Jambulani chithunzi muli patali, lembani nambala ya nyumba, dzina la msewu ndi tsiku, ndipo mutumize kwa a Johannesburg Heritage Foundation kapena PHRA-G. Ngati mapepala anu okhalira m'dziko muno sali bwino ndipo mukuopa kutchula dzina lanu, perekani chithunzicho kwa a komiti ya mzikiti kapena tchalitchi chanu, kapena kwa mnansi amene ndi nzika, atumize iwowo. Chitani zimenezi tsiku lomwelo, chifukwa nyumba yaing'ono ya ku Pageview kapena Vrededorp imatha kugwetsedwa yonse Lolemba lisanafike.